Udzu Wobiriwira Pamanda a Bambo Luvanda

Mphepo ya ku Makambako siodira pakhomo. Mwezi wa Julaye imalowa m'malaya, m'makutu, ngakhale m'kapu ya tiyi. N'chifukwa chake Onesmo Luvanda, kalipentala wa pafupi ndi njanji, ankapala matabwa atatseka chitseko cha shopu yake. Koma ikamayandikira teni koloko ankachitsegula, fumbi lilowe momwe lingalowere, poti nthawi imeneyo ndi yomwe njinga yamoto yofiira inkatulukira pakona.

Lachinayi limenelo Redempta Mbilinyi wa ku ofesi ya zamadzi anatsika panjingayo atavala ovololo ya buluu ndi majombo odzaza matope. Kumbuyo kwa njinga anamangirirako ndodo yake yachitsulo, ya mutu wathabwa, yomwe ankamvetserera madzi oyenda pansi pa nthaka.

"Tauni yonse ili fumbi lokhalokha, iwe matope ukuwatenga kuti?" anafunsa Onesmo akumupatsa kapu ya tiyi wamkaka.

"Amandilipira kuti ndiziwafuna. Mandasi anga ali kuti?"

"Ako? Unaukanda ndiwe ufawo?"

"Ndinakupatsa madzi okandira."

Awiriwa anadziwana mu Febuluwale, tsiku lomwe Redempta anabwera kudzamangirira kawotchi koyezera mphamvu ya madzi pampopi wa kuseri kwa shopu. Onesmo anamufunsa kuti kawotchiko kakuti nthawi ili bwanji. Iye anayankha kuti kakuti nthawi yogula mpopi watsopano inakwana kalekale. Kawotchiko kanayenera kuchotsedwa patatha masiku atatu, koma Onesmo ankaimba foni tsiku ndi tsiku kudandaula kuti singano yake ikunjenjemera modabwitsa, ndi bwino mwini wake abwere adzaone. Sabata yachitatu Redempta anamuuza kuti chomwe chikunjenjemera si singano.

Tsiku limeneli Redempta sanamalize ndasi lake. Anakhala pa benchi, maso ali kumtunda, ku Kilimani, komwe kunali kwawo kwa Onesmo.

"Pa ndowa khumi zilizonse zotuluka m'thanki ya kuphiri, zinayi sizifika pakhomo pa munthu," anatero. "Ndayeza msewu ndi msewu. Kumunsi kuno singano imaima chilili. Ndikangodutsa pa tchalitchi kulowera kwanu, imazyolika ngati nkhuku yachitopa. Miyezi itatu anthu akuyang'ana mipopi youma, ndipo ndikamadutsa ndi ovololo iyi amandiyang'ana ngati madziwo ndamwa ndine."

"Nanga akupita kuti?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndasi ili litatha. Kuli paipi yakale, inakwiriridwa ine ndisanabadwe. Pa mapu imangothera m'malere."

Onesmo anakhala pambali pake, n'kumuchotsa kautuchi komwe mphepo inamuika patsitsi.

"Amayi avomera. Akuti ubwere Loweruka."

Redempta anaika kapu pansi. "Akudziwa komwe ndimagwira ntchito?"

"Akudziwa."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati ubwere ndi ndowa yakoyako."

Redempta anamumenya paphewa ndi chipewa, n'kukwera njinga yake.

* * *

Loweruka Redempta anasiya njinga ndi majombo. Anavala diresi lachitenje, anatenga shuga, mafuta ophikira ndi nsalu yatsopano, n'kukwera kabajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, mpaka ku Kilimani. Onesmo anamulandira pageti atavala malaya osita mpaka kuwala.

Pakhonde panali amayi awiri. Woonda uja, wa mpango woyera, anali Amake Onesmo. Wonenepa, yemwe anayamba kuseka Redempta asanafike n'komwe, anali azakhali Sesilia, mlongo wa malemu bambo a Onesmo, wogulitsa matimati pamsewu waukulu. Redempta anagwada, n'kupereka moni waulemu wopatsa akuluakulu.

"Shikamoo, Amayi."

"Marahaba," anayankha Amake Onesmo, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiye ndinu amene mukutibisira madzi?"

"Ndikuwafunafuna, Amayi. Ndikawapeza, oyamba kumva mudzakhala inuyo."

"Mwamumva, mlamu?" anatero azakhali Sesilia. "Sanayankhe ngati munthu wa mu ofesi. Dzuka mwana wanga, mawondo amenewo adzagwira ntchito tsiku lina."

Ali mkati mokhala pansi, m'nyumba munatuluka mtsikana wina atanyamula beseni ndi jagi. Anali Yusta Kihwele, woimba kwaya, wa nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Chiumire mipopi, Yusta ankatsikira kuchitsime cha kudambo m'mawa uliwonse n'kuwatulira Amake Onesmo ndowa ziwiri, osatumidwa. Anthu a ku Kilimani ankadziwa kuti ndowazo sizinkabwera chifukwa cha ludzu la mayiwo lokha.

"Sambani, achemwali," anatero Yusta akumwetulira. "Ndatunga ndekha. Musaope, ndi a pachitsime, alibe mita."

"Zikomo. Mwawathandiza kwambiri Amayi," anayankha Redempta.

"Ndimawathandiza tsiku lililonse. Achimwene Onesmo, nkhuku ija ndaika tsabola pang'ono, monga mumakondera."

Onesmo anangoyang'ana m'mbale ngati mpunga wamufunsa funso.

Anadya mpaka Amake Onesmo atapukuta manja.

"Ine sindibisa mawu," anatero. "Ndamva kuti mumalowa m'maenje ndi amuna, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mwana wanga akadzadwala, phala adzamuphikira ndani?"

"Ndidzaphika ndine, Amayi. M'dzenje ndimatulukamo."

"Nanga phalalo limaphikidwa ndi fumbi?" analowererapo azakhali Sesilia. "Musiyeni mwana apeze madzi, mlamu. Inuyo mchimwene wanga anakupezani mukusenza njerwa pa mishoni, miyendo ili mbuu, ndipo amayi athu ananena mawu omwewa. Mwaiwala?"

Amake Onesmo anafuna kukwiya, koma pakamwa panawagonjera. Anatembenuzira nkhope kukhoma komwe kunali chithunzi cha mwamuna wa maso ofatsa, atavala jekete lalikulu kuposa thupi lake.

"Onesmo anatengera maso awo," anatero Redempta motsitsa.

Mayiwo anamuyang'ana kachiwiri, ndipo ulendo uno sanayang'ane nsapato.

"Anali munthu wamtendere. Onesmo, kamuonetse pomwe agona bambo ako. Makambako yense wauma, ngakhale mbuzi zikudya mapepala, koma pamanda pawo udzu uli biriwiri, chaka chachitatu tsopano. Ine ndikaona udzu umenewo ndimadziwa kuti mwamuna wanga anafika bwino."

* * *

Manda anali kumapeto kwa munda wa banjali, kuseri kwa nsungwi, malo omwe kale anali kunja kwa tauni nyumba zisanawazungulire. Panali mtanda wathabwa womwe Onesmo anaupala yekha. Anavula chipewa, n'kugwira dzanja la Redempta.

"Bambo, uyu ndi Redempta wa kwa Mbilinyi. Amalankhula kwambiri, amadya mandasi a eni, ndipo njinga amayendetsa ngati akuthawa moto. Koma ndi yemweyu. Ndinafuna mumuone inu ndisanatume anthu kwawo."

Misozi inalengeza m'maso mwa Redempta. Anasuntha kuti ayandikire mtanda, ndipo chidendene cha nsapato yake chinatitimira.

Anayang'ana pansi. Dothi linali lofewa, lakuda. Anakweza maso pang'onopang'ono. Udzu wobiriwirawo sunazungulire manda monga ankaganizira. Unayambira kumtunda, kumpanda wa kumsewu, n'kudutsa cha kumutu kwa manda, n'kutsikira kukhwawa, mowongoka ngati munthu anachita kukoka chingwe. Kumbali zonse ziwiri kunali kouma gwa.

 Anakumbukira mzere uja wa pa mapu, wothera m'malere.

"Wangoti zii bwanji?" anafunsa Onesmo.

"Palibe. Mphepoyi."

Atabwerera pakhonde Redempta sanachedwe. Anatsanzika mwaulemu, anakana kuperekezedwa mpaka kunyumba, ndipo m'kabajaji sanacheuke kuti akweze dzanja. Yusta, yemwe ankatsuka mbale pafupi ndi geti, anaziona zonse, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

* * *

Dzuwa likulowa foni ya Redempta inayamba kulira ndi mauthenga a Onesmo.

"Wafika bwino?"

"Eya."

"Amayi akuti uli ndi ulemu. Kwa iwowo mawu amenewo ndi ng'ombe yathunthu."

"Ndathokoza."

"Rede, ndalakwa chiyani?"

Redempta analemba, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Uthenga wina unalowa.

"Ngati ndi Yusta, ndinamudziwa akuyenda ndi mamina. Tsabola amene uja sindimukonda n'komwe, ndimangoopa kunena."

Anaseka yekha, misozi ikutsika. Kenaka analemba: "Si Yusta. Si iwenso. Tikumane kushopu mawa Misa yoyamba ikatha. Ndibwera ndi ndodo."

"Yondimenyera?"

"Ukapitiriza, inde."

* * *

Lamulungu m'mawa anamupeza Onesmo atakhala pa benchi, maso ofiira, tiyi atazizira m'kapu. Redempta anayala mapu pa thabwa lopalira, n'kutsika ndi chala kuchokera pa thanki, kudutsa pa tchalitchi, mpaka pomwe mzere unathera. Kenaka anapitiriza ndi chala chomwecho pa pepala loyera, molunjika, mpaka pamunda wa a Luvanda.

Onesmo anayang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Ukufuna kundiuza kuti bambo anga agona m'madzi?"

"Sindikudziwa. Ndikuganiza kuti paipiyo yadutsa pambali, koma sindinganene ndisanamvetsere."

"Ndiye dzulo lija, ine ndikulankhula ndi bambo anga, iwe unali pantchito?"

Mawuwo anamulasa Redempta. Anapinda mapu mosamala.

"Ndinamva liwu lililonse lomwe unanena. Ndingakubwerezere. Ndinakhala chete chifukwa Amayi anali atangondionetsa chinthu chomwe chimawagoneka tulo, ndipo ine ndinaona kuti ndine amene ndidzawalande. Ukanakonda ndinene pamaso pa Yusta?"

Onesmo anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Atawachotsa anati, "Pepa. Usiku wonse ndimaganiza kuti wandisiya. Ndiye pomwe wanena za paipi, theka la mtima wanga lasangalala, theka lina lachita manyazi, ndipo pakamwa pangolankhula zopusa."

"Ndikusiyire ndani? Yusta akupha ndi tsabola."

Anagwirizana kuti apite kumanda kuja nthawi yomweyo, poti Amake Onesmo ankapita ku Misa yachiwiri, n'kutsalira ku msonkhano wa amayi mpaka masana. Analowera kukhwawa kuti asadutse m'makomo mwa anthu.

Pamanda paja Redempta anayamba wagwada n'kupempha pepani kwa mwini malo. Kenaka anazika nsonga ya ndodo m'dothi, n'kugunditsa khutu ku mutu wake wathabwa. Anatseka maso. Anasuntha phazi limodzi, n'kuzikanso. Anatero kasanu, kuchoka pa mtanda kulowera ku nsungwi. Onesmo anaima patali, pamthunzi wa nsungwizo, manja ali m'thumba.

"Bwera," anatero Redempta pomaliza.

Onesmo anaika khutu. Poyamba anangomva mphepo. Kenaka, pansi penipeni, anamva phokoso losalekeza, ngati mafuta akuwira m'chiwaya cha kutali.

"Ndi amenewo?"

"Ndi amenewo. Madzi a Kilimani yense. Mng'alu unayamba waung'ono, n'chifukwa chake poyamba unkangomeretsa udzu. Tsopano wakula, ndipo madzi akutsikira kukhwawa pansi pa nthaka osaonekera."

"Nanga bambo?"

Redempta anayeza ndi mapazi. "Mayadi anayi kuchokera pa mtanda, ndipo kutsetsereka kukuwathawitsa madziwo. Sanawakhudze. Tingakumbe, tingakonze, manda osawagunda ngakhale ndi khasu."

Onesmo anapuma mwamphamvu, n'kukhala pansi pa udzu wonyowawo osasamala buluku la ku tchalitchi. Anayamba kuseka, misozi ili m'masaya.

"Munthu uyu ankatimenya tikasiya mpopi ukudontha. Zaka zitatu wakhala akumva zimenezi, osatha kudzuka kuti atseke. Ndikanakhala iye, nanenso ndikanatuma mwana wanga kukatenga mkazi wa ku madzi."

Redempta anakhala pambali pake. "Koma udzuwu uuma, Onesmo. Tikangotseka mng'alu, mwezi sutha."

"Ndidzathirira. Ndowa imodzi m'mawa uliwonse."

"Ziwiri. Ina ndidzasenza ine."

Onesmo anamuyang'ana. "Ukudziwa kuti wangovomera kukhala pakhomo pano?"

"Ndavomera kusenza ndowa. Zinazo tuma anthu kwa a Mbilinyi, akakuuze okha."

Onesmo anatenga dzanja lake lamatope, n'kulipukuta chala chimodzichimodzi ndi mpango wake woyera. Anapangana kuti Redempta asakanene ku ofesi mpaka Lachiwiri. Lolemba madzulo adzaitana azakhali Sesilia, akhale pansi anayi, awauze Amayi mofatsa, iwo eni ake aike khutu pandodo ngati angafune. Onesmo anati adzagula nyama ya mbuzi, poti Amayi nkhani yovuta amaimva bwino akakhuta.

Anatuluka momwe analowera, akukankhana mapewa ngati ana a sukulu. Palibe anayang'ana kumpanda wa kumtunda, komwe ndowa ziwiri zodzaza zinali zitatulidwa pansi.

* * *

Lolemba m'mawa Redempta akumanga zingwe za majombo, anamva kugogoda. Pakhomo panali azakhali Sesilia, opanda dengu la matimati, opanda kuseka kwawo kuja.

"Shikamoo, azakhali."

 Analowa, anatseka chitseko, n'kumupatsa foni.

Pafonipo panali chithunzi cha Redempta yekha, atagwada pafupi ndi mtanda wa bambo Luvanda, chitsulo chitazikidwa m'dothi, khutu lili pachitsulocho, maso ali otseka. Nsungwi zinamubisa Onesmo yense. Pansi pake panalembedwa kuti: "Amayi anzanga, tipempherere banja la a Luvanda. Ena akamapita ku Misa, ena amapita uku."

"Yusta anachedwa kuchitsime dzulo, ndiye Misa inamudutsa," anatero azakhaliwo. "Wachitumiza ku gulu la amayi a tchalitchi. Pofika madzulo chinali chitafika ngakhale kwa ife a pamsewu."

Redempta anabweza foniyo. Anakhala pabedi.

"Sindinali ndekha, azakhali. Onesmo analipo."

"Wawauza amayi ake zimenezo. Walumbira mpaka wagwada. Wayamba kunena za mapaipi, mlamu wanga wamudula pakamwa. Akuti ngati mwana wake anaima n'kumaonerera mkazi akubaya manda a bambo ake, ndiye umboni wake ndi womwewo kuti unamudyetsa kale."

"Ndipite ndikawafotokozere ndekha."

"Geti akiya. Iwowo ali pamanda chiyambire m'bandakucha, ayala mkeka pa udzu paja, akuti aliyense wobwera ndi chitsulo ayambe wabaya iwo. Ndipo aitana abale a malemu kumudzi. Akubwera atatu pa basi ya masana, pamodzi ndi mchimwene wathu wamkulu, yemwe sanasekepo chichokereni ku usilikali."

Foni ya Redempta inalira pa tebulo. Linali dzina la Onesmo. Anatambasula dzanja, koma azakhali Sesilia anaigwira foniyo n'kuitembenuza chafufumimba. Anakoka mpando, anakhala moyang'anizana naye, mawondo awo n'kugundana.

"Ameneyo adikire. Ine ndinakukonda tsiku lomwe ndinakuona, ndipo masana ano ndikufuna ndikaime kumbali yako pamaso pa azichimwene anga. Koma sindikaima pa chinthu chomwe sindikuchidziwa. Ndiyang'ane m'maso, mwana wanga. Malemu mchimwene wanga amakuuza chiyani pandodo paja?"